Thangata wabweranso, lero akumutcha "experience"

 Ndakhala chete milungu ingapo ndipo ena mwandifunsa ngati ndadwala. Sindinadwale ayi, kuchonga mayeso ndi kuzimazima kwa magetsi ndizo zinandipanikiza. Koma lero ndili ndi nkhani imene yandikhala pakhosi kuyambira Loweruka, ndipo ndikapanda kuilavula indipweteka.

Loweruka masana kunabwera kunyumba kwanga kuno ku Chinyonga mnyamata amene ndinamuphunzitsa History zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula, mwini wake akawerenga adziwa. Pano ali chaka chachiwiri pa sukulu imene ife akale timaitchabe Poly, ngakhale kuti kuyambira 2021 dzina lake ndi MUBAS. Amachita lendi kachipinda ndi anzake awiri kumtunda kwathu kuno, monga amachitira ambiri amene sanapeze malo m'mahositelo. Mwanayu ali ndi dzanja. Ali ku sekondale ndiye ankandijambulira mapu a Africa pa bolodi ndikamaphunzitsa za msonkhano wa ku Berlin, ndipo tsopano anaphunzira yekha kujambula pa kompyuta, pa laputopu yakale imene malume ake anamubweretsera kuchokera ku Johannesburg.

Bungwe lina la m'tauni muno linali ndi msonkhano wa achinyamata, ndipo linamupeza kudzera mwa mnzake. Anawapangira logo, poster, kabuku ka ndondomeko ya mwambo ndi chithunzi chodinda pa T-shirt. Milungu itatu. Anamubweza kasanu ndi kawiri kuti asinthe mtundu, akulitse dzina la mlendo wolemekezeka, achepetse la wachiwiri wake. Msonkhano utatha anapita kukafunsa za malipiro, ndipo yankho linali lakuti: "Iwe ulibe experience, ife takupatsa mwayi. Ukalembe pa CV yako." Anamupatsa ya minibasi ndi T-shirt imodzi, yomwe ija anaijambula yekha. Anafika kwanga ataivala.

Chimene chandikwiyitsa si bungwelo ayi, anthu oterewa alipo ndipo adzakhalapo. Chandikwiyitsa ndi funso limene mwanayo anandifunsa atamaliza kufotokoza. Anati, "Aphunzitsi, kodi ndinalakwa kufunsa ndalama? Mwina ndinaoneka wamwano." Mwana wagwira ntchito milungu itatu, wadyeredwa masuku pamutu, ndiye manyazi akumugwira iyeyo! Manyazi amenewo sanabadwe nawo. Anawatenga kwinakwake, ndipo ndikuopa kuti anawatenga m'kalasi mwathu.

Amene munakhala m'kalasi mwanga mukukumbukira mawu akuti thangata. Poyamba anali mawu abwino. Kuthangata kunali kuthandizana: lero tilime mwa uje, mawa mwako. Azungu a minda ikuluikulu atatenga malo ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba, anawakonda mawu amenewa nawapatsa ntchito ina. Munthu wokhala pamalo a mzungu, ndipo ambiri anali Alomwe ongobwera kumene kuchokera ku Mozambique, ankalipira lendi ndi thukuta lake. Mwezi wogwira ntchito unkatalika monga mwa kufuna kwa kapitawo, ndipo wodandaula ankauzidwa kuti athokoze poti wapatsidwa pokhala. Ku Magomero, pa minda ya A.L. Bruce, zinafika poipa kwambiri, ndipo n'chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu January 1915. Thangata anatha m'zaka zoyambirira za m'ma 1960, ufulu utayandikira.

Musandimve molakwa. Mnyamata wanga sanakwapulidwe ndi chikoti, ndipo palibe amene anamugwetsera nyumba. Sindikunyoza mavuto a makolo athu powayerekeza ndi poster. Koma chinyengo chake n'chimodzimodzi: utenge mawu okoma, uwaveke pa ntchito yosalipira, kenaka wogwira ntchitoyo umuuze kuti iye ndiye wathandizidwa. Dzulo ankati tikuthangatana. Lero akuti tikukupatsa experience, tikukupatsa exposure, tikukutsegulira makomo. Ndipo amene akunena zimenezi ali ndi nkhope ya Chilembwe m'thumba, pa K500 ndi pa K2000, koma kuti aitulutse ndiye ayi.

Pitani kumudzi nyengo yolima mukaone. Munthu wa ganyu akafika pamunda sagwira khasu asanamve mtengo. Amawerenga mizere, amaona ngati nthaka ndi youma kapena udzu wachuluka, ndiye mumapangana, kaya ndi ndalama kaya ndi chimanga. Palibe amene amamufunsa kuti walimapo minda ingati. Kamnyamata koyamba kumene mwina mungakapatse mizere yochepa, koma mizere imeneyo mumalipira. Wa kabaza amene wayamba dzulo sakunyamulani ulere kuti aphunzire msewu. Wa wilibala mumsika wa Limbe sakusenzerani thumba la makala kuti adzalembe pa CV. Yesani kumuuza za exposure muone m'mene akuyankhireni. Ndiye taonani zodabwitsa: amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa mtengo wa thukuta lake, koma amene tamusunga zaka zinayi ku sekondale, wakhoza MSCE, wasankhidwa, ndiye amachita chibwibwi potchula mtengo. Kodi ife tinamuphunzitsa chiyani?

Ndikudziwa zimene ena a inu munene, chifukwa Lolemba tinakangana kale mu staff room. Mnzanga wina wa masamu anati aliyense amayamba choncho, munthu umayenera kuvutika kaye, ngakhale makaniko amayamba ndi kupatsira masipanala. Zoona. Koma kaoneni ku Ndirande m'mene mnyamata amaphunzirira umakaniko, kapena kwa kalipentala ku Bangwe. Mwini ntchito amaima pambali pake, amamuonetsa, amamudzudzula, akalakwitsa amakonza ndi iye. Zida ndi za bwana, malo ndi a bwana, masana pamakhala nsima. Mwana amatuluka ndi luso limene analibe polowa. Ndiko kuphunzira ntchito kumeneko, ndipo TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti zoterezi ziziyenda mwadongosolo. Tsono ndifunse: m'bungwe lija, ndani anaphunzitsa mnyamata wanga kanthu? Munalibe ngakhale mmodzi wodziwa kujambula, n'chifukwa chake anamufuna. Laputopu inali yake, bandulo ya intaneti ankagula yekha, magetsi akazima ku Chinyonga ankanyamula laputopu kukatchaja kusukulu. Ndipo ntchito yake sanaitaye m'bini ngati ya wophunzira. Anaidinda, anaimata m'mitengo ya magetsi, anaivala pachifuwa pamaso pa alendo. Ngati ntchito inali yabwino mokwanira kuigwiritsa ntchito, inali yabwino mokwanira kuilipira. Pamenepa sindisuntha.

Mnzanga wina anati mwina bungwelo ndi laling'ono, lilibe ndalama. Ndinamufunsa mnyamatayo za tsikulo. Holo analipira. Wa zokuzira mawu analipira. Wodinda T-shirt analipira, chifukwa ameneyo sapereka katundu asanaone ndalama. Chakudya chinalipo, ndipo akuluakulu amene anabwera kudzayankhula anasainira envulopu. Tonse tikudziwa m'mene zimakhalira m'dziko muno, kuti munthu wamkulu sapita ku workshop yopanda alawansi, ndipo ife aphunzitsi sitili oyera pa nkhani imeneyo. Ndalama inalipo ya aliyense kupatula mmodzi yekha, amene anali wamng'ono, waulemu, ndi wosadziwa kukana.

Ndipo musaganize kuti ntchito ya pa kompyuta ilibe zolowa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera, kuyambira tchaja mpaka batire. Amene anayesa kugwira ntchito zotere mu 2022 akukumbukira m'mene magetsi ankavutira namondwe Ana atawononga pa Kapichira mu January chaka chimenecho. Ambiri mwa ana amenewa akuphunzira pa ngongole ya boma imene adzayenera kubweza, ndipo lendi ya kachipinda ku Chinyonga, ku Chitawira kapena ku Nkolokosa mwininyumba salandira experience. Mwana akagwira ntchito yaulere ndiye kuti waikapo ndalama zake. Iyeyo ndiye wathandiza bungwe.

Tsopano ndibwere kwa ife, chifukwa kuloza chala anthu a m'tauni n'kosavuta.

Mu 2021 tinanyanyala ntchito, masukulu anaima, pofuna ndalama ya chiopsezo cha Covid-19. Tinati moyo wathu uli ndi mtengo. Ndalama zoyang'anira mayeso zikachedwa timalira mpaka pa wailesi. Timadziwa bwino lomwe kuti wantchito ayenera kulandira. Koma ife tomwe ndi amene timaitana mwana wakale kuti atitayipire mayeso, atikonzere foni, atijambule zithunzi pa tsiku lotsazikana ndi a Fomu 4, malipiro ake n'kukhala akuti "wakula bwino mwana iwe". Ine ndemwe ndinachita. Zaka ziwiri zapitazo mwana wa mlongo wanga ankakwatiwa, ndipo ndinapempha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kuti atipangire makadi. Anapanga okongola, anthu anayamikira. Wodinda ndinamulipira tsiku lomwelo osanenerera. Mtsikanayo ndinamuuza kuti Mulungu akudalitse, ndipo pa chinkhoswe ndinaonetsetsa kuti walandira mbale ya mpunga ya nyama zambiri. Sindinaganizepo kuti ndalakwa mpaka Loweruka lapitali, ndikuyang'ana T-shirt ija. Akanandikana bwanji? Ndine aphunzitsi ake. Ulemu umene tinawaphunzitsa ndi umene tikuwadyera.

Cholakwa chathu china n'chachikulu kuposa chimenecho. Zaka zonsezi takhala tikuwauza kuti werengani kaye, ndalama zidzabwera zokha, ganyu ndi ya anthu olephera sukulu. Tawaphunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito mobwerezabwereza, adiresi kumanja, adiresi kumanzere, koma ndi angati a ife amene tinaonetsapo mwana kalembedwe ka mtengo wa ntchito yake, kapena kayankhulidwe kake ndi munthu amene akuzengereza kulipira? Mwana amamaliza, amatsegula Nation kapena Daily Times, ndipo ntchito iliyonse ikufuna zaka ziwiri kapena zitatu za experience. Zaka zimenezo akazitenge kuti? Boma linayamba mu 2018 kutenga omaliza maphunziro a ukachenjede kuti akaphunzire ntchito m'maofesi, ndipo ngakhale ndalama yake inali yochepa, linkawapatsako kanthu. Koma malo amenewo sangakwanire onse. Otsalawo ndi amene amagwa m'manja mwa aliyense wonena kuti bwera tikuthandize.

Ndiye inu ana anga amene muli ku MUBAS, ku KUHeS, ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, kapena mwangomaliza Fomu 4 ndipo mukudikira, tamverani kuno. Sindikukuletsani maganyu. Ndikanakhala wa msinkhu wanu ndikanayamba lero, bola asakudyereni nthawi ya kalasi. Ntchito zilipo: kutayipa, kukonzera anthu ma CV, makadi a ukwati, ndondomeko za maliro, kujambula zithunzi, kuphunzitsa ana a Sitandade 8 masana, kumasulira zikalata kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, kulemba mawu ojambulidwa pa kafukufuku. Koma nkhani yakuti mulibe experience isakuchititseni mantha, chifukwa experience imene kasitomala amafuna si chikalata. Amangofuna kuona ndi maso kuti mungathe. Zimenezo mungadzipangire nokha osagwadira munthu. Yendani mu Chinyonga momwemuno, muone butchala, saluni ndi golosale zimene zikwangwani zake zinafufuma ndi dzuwa. Pangani zanu zitatu zabwino, muzisunge mufoni. Wotayipa atayipe masamba asanu aukhondo. Womasulira amasulire kapepala ka malangizo a feteleza. Zimenezo ndi zanu, munazipanga pa nthawi yanu, palibe amene wakudyerani. Munthu akakufunsani kuti munagwirapo kuti, mutulutse foni.

Mtengo wa woyamba kumene ukhale wotsika, zimenezo n'zachilungamo, chifukwa mumachedwa ndipo mumalakwitsa. Koma kutsika si kusowa. Amene wakulipirani K5,000 lero mungadzamuuze K10,000 mawa ndipo mudzakambirana. Amene mwamupangira ulere sadzakulipirani mpaka kalekale, ndipo adzauza anzake kuti kuli kamnyamata kena kamapanga ulere. Mbiri yotereyo imathamanga kuposa ya luso. Komanso mumapweteka mnzanu amene akudalira ntchito yomweyo kuti adye, chifukwa iye akatchula mtengo amauzidwa kuti ana a ku Poly amapanga chabe.

Panganani musanayambe, monga wa ganyu ya m'munda. Mulembe pa WhatsApp, mwaulemu koma momveka: ntchito ndi iyi, mtengo ndi uwu, ndimaliza tsiku lakuti, kusintha ndi kawiri, kachitatu muwonjezera. Theka alipiriretu pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kuti pakhale umboni. Amene wakana theka ndiye kuti zonse sakanalipira, muthokoze kuti mwamudziwa msanga. Ntchito yomalizidwa musaipereke ndalama yotsala isanalowe, muonetseni chithunzi chabe. Ndikudziwa kuti kwa mwana woleredwa bwino zimenezi zimamveka ngati mwano, makamaka ngati winayo ndi wamkulu, wavala tayi, ndipo akukutchani mwana wanga. Si mwano. Wogulitsa tomato ku Zingwangwa amatchula mtengo kwa abusa ndi kwa a mfumu omwe, ndipo palibe amene amati ndi wamwano.

Kupereka mwaufulu kulipo, sindikukana. Mnansi waferedwa, mwamupangira ndondomeko ya maliro usiku, simungatumize bilu, tisafike pamenepo. Kutchalitchi kapena kumzikiti mungapereke luso lanu monga ena amaperekera ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti mwasankha nokha, mukudziwa kuti ndi mphatso, ndipo wolandirayo akudziwa kuti walandira. Sakuuzani kuti wakuchitirani chifundo.

Za pa intaneti ndinene pang'ono, poti ambiri mumandifunsa. Upwork ndi Fiverr zilipodi ndipo ena amapezako ndalama, koma musamvere amene akukuuzani kuti madola ali mbwee. Kumeneko mukupikisana ndi anthu a ku Kenya, Nigeria, India ndi Philippines amene anayamba kalekale, ndipo Fiverr imadula 20 pa 100 iliyonse imene mwapeza. Chibwerereni ChatGPT mu November 2022, ntchito zolembalemba za Chingerezi wamba zinatsika mtengo. Chimene muli nacho inu chimene wa ku Manila alibe ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, ndi kudziwa dziko lino. Muyambe ndi kasitomala wa ku Chilomoni amene mungathe kumugogodera pakhomo, wa ku London adzabwera pambuyo. Ndipo aliyense amene akufuna kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti akupatseni ntchito, ameneyo ntchito yake ndi inuyo.

Pali ganyu imodzi yokha imene ndikukuletsani, ndipo ndikudziwa kuti ndiyo imalipira msanga: kulembera anthu ma assignment ndi ma dissertation. Musandinamize kuti simukuidziwa. Akuluakulu ogwira ntchito amene amaphunzira madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ena a iwo aphunzitsi anzathu (ndanena, mundikwiyire), amafunafuna ana anzeru osauka kuti awalembere. Ameneyo amalipira theka osanenerera, chifukwa akugula chinthu chakuba. Amene munalemba MSCE ya 2020 mukukumbukira kuwawa kwake mayeso atathetsedwa pakati chifukwa chobedwa, n'kukalembanso mu January 2021. Munatukwana amene anaba. Kulembera munthu dissertation ndi kuba komweko, kungoti kumachitikira m'chipinda. Munthu ameneyo mawa adzakhala bwana wanu ndi digiri ya mutu wanu, adzakhala pa mpando wofunsa mafunso, n'kukuuzani kuti mulibe experience. Ndipo adzakhala akunena zoona, chifukwa ntchito imene munamugwirira simungaionetse kwa munthu aliyense.

Kwa anzanga aphunzitsi pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha silabasi yatsopano, tili nazo kale zokwanira kutilemetsa. Ndikupempha phunziro limodzi lokha a Fomu 4 asanatuluke, mphindi makumi anayi, loti mwana aliyense atchule chimene amatha kuchita ndi manja kapena mutu wake, atchule mtengo wake mokweza pamaso pa anzake, wina ayerekeze kukhala kasitomala wovuta, ndipo mwanayo aphunzire kunena kuti pepani bwana, pamenepo sinditha. Ine ndiyesa teremu ino m'malo mwa kubwereza za Mfecane kachitatu. Ndipo mukatuma mwana wakale ntchito, mufunseni mtengo musanamuuze kuti wakula bwino. Adzakana kutchula, adzati aphunzitsi musavutike. Mukakamizeni.

Mnyamata uja sindinamulole kuchoka asanalembe uthenga. Tinakhala pakhonde, iye akulemba ine ndikuchotsa mawu opepesa, chifukwa anayamba ndi pepani katatu m'chiganizo chimodzi. Anatchula ntchito zinayi zija, masiku amene anagwira, ndi mtengo umene ine ndinaona kuti ndi wochepa koma iye anaona kuti ndi wochititsa mantha. Anatumiza dzanja likunjenjemera. Lachiwiri anamuyankha kuti akambirana ndi abwana. Mpaka pamene ndikulemba pano sanalandire kanthu, ndipo mwina sadzalandira, chifukwa panalibe pangano lolembedwa. Ndamuuza kuti akumbutsenso Lachisanu, ndiponso kuti zithunzi zonse zija azisunge, ndi zake, akazionetse kwa ena.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinafufuza nambala ya mtsikana wa makadi uja ndipo ndinamutumizira ndalama pa Mpamba, ndi pang'ono pamwamba chifukwa cha zaka ziwiri ndi kugwa kwa kwacha. Pasanathe mphindi zisanu anaimba. "Aphunzitsi, mwalakwitsa nambala, ndikubwezereni?" Ndinamuuza kuti sindinalakwitse, ndi za makadi a ukwati aja. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati makadiwo anawaiwala kalekale, koma ngati ndikudziwa wina amene akukwatitsa chaka chino ndimupatse nambala yake, masiku ano amatchaja.